Thirakitala yakale ya kudimba muiyang'ane kumbuyo musanatulutse ndalama

Kuno ku South Bend, m'dera la Indiana ku America, ndi m'matauni oyandikana nawo, Mmalawi akangopeza nyumba yokhala ndi malo okulirapo kuseri, mtima wake umathamangira ku dimba. Kapinga amene anzathu a kuno amamunyadira, ife timangoona malo amene pakanamera mpiru, nkhwani, bonongwe, therere ndi mizere ingapo ya chimanga chootcha. Koma nthaka imene yagona pansi pa kapinga zaka zambirimbiri siimva khasu la pamanja, makamaka mwini khasuyo akakhala kuti wachezera ntchito kuchipatala kapena wangoweruka kumafakitale a ku Elkhart. Nkhani yogula kathirakitala imayambira pamenepo. Thirakitala yatsopano yoti n'kulimira ndi yodula kwabasi, ndiye ambiri a ife timathera pa Facebook Marketplace kapena pa Craigslist, kufunafuna yogwiritsidwapo kale ntchito. Abale angapo akhala akundiimbira kuti ndiwaperekeze kokaona, chifukwa amaona yanga ikulima chaka ndi chaka. Ndaganiza zongolemba zimene ndimachita ndikafika pakhomo pa wogulitsa.

Choyamba chimene chimasocheretsa anthu n'chakuti makina okhalapo pamwamba amenewa alipo a mitundu iwiri, ndipo ukawaonera patali amafanana. Ina inapangidwa kuti izingotchetcha udzu pamalo osalala. Ndiyo imene imadzaza m'masitolo akuluakulu mwezi wa April ukafika, yonyezimira, pambali atalemba mphamvu ya injini kuti hosipawa 20 kapena 22. Ina inapangidwa kuti izikoka pulawo, izizunguza tiller (chida cha mano ozungulira chogayira nthaka), izikankha sinowo. Manambala a hosipawawo asakukopeni. Yanga ndi ya hosipawa 12 basi, koma imang'amba nthaka imene ya hosipawa 22 ya m'sitolo ingafere pa mzere wachiwiri. Kusiyana kwake kuli kumbuyo, pansi pa mpando, pamene pali giyabokosi ndi ekiselo.

Makina ambiri otchetcha udzu amakhala ndi giyabokosi yaing'ono ya aluminiyamu, monga Tuff Torq K46. Ndi yabwino pa ntchito imene anaipangira, koma anthu amene anaipangawo sanalinge kuti izikoka chitsulo chokumba pansi. Njira yachidule yodziwira ndi kugwada n'kuyang'ana tayala la kumbuyo. Ngati limu yangolowetsedwa pa kachitsulo kowonda n'kutsekedwa ndi kakilipi kamodzi pakati, ameneyo ndi wotchetcha udzu. Ngati limu yamangidwa ndi mabawuti asanu ngati ya galimoto, tayala lake lili la mainchesi 23 kapena kuposa pa limu ya mainchesi 12, ndipo kumbuyo kuli chitsulo chochindikala chokolekapo zida, mwapeza thirakitala ya kudimba. Wogulitsa akhoza kulemba chilichonse pa intaneti. Mabawuti asanuwo muwawerenge nokha.

Ife okhala kuno tili ndi mwayi wina, chifukwa imodzi mwa mathirakitala olimba kwambiri a mtundu umenewu inabadwira m'tauni momwe muno. Elmer Pond anayamba kupanga timathirakitala ku South Bend mu 1946, ndipo pamodzi ndi mwana wake Cecil anakuza kampani ya Wheel Horse, imene fakitale yake inali pa Ireland Road. Mu 1974 inagulidwa ndi American Motors, mu 1986 inapita m'manja mwa Toro, ndipo mu 1991 ntchito yopanga inachoka ku South Bend. Toro inapitirizabe kupanga mtundu wakalewo mpaka 2007. Zotsatira zake n'zakuti m'magalaja ndi m'nkhokwe za dera lino, kuyambira ku Mishawaka mpaka ku Niles kutsidya kwa malire a Michigan, mwadzaza mathirakitala ofiira amenewa, ndipo zida zake sizivuta kupeza. Palinso Cub Cadet, imene International Harvester inayamba kugulitsa mu 1961 n'kudzaipereka kwa MTD mu 1981, komanso John Deere, imene inatulutsa 110 yake yoyamba mu 1963 ku Horicon, Wisconsin. Onse atatu akale ndi zitsulo zenizeni. Kungoti yobiriwira ya John Deere anthu amaikweza mtengo chifukwa cha dzina, pamene ntchito imene ingakugwirireni pa dimba la mpiru ndi yomweyo.

Ndisananyamuke kunyumba ndimapempha zinthu ziwiri kwa wogulitsa. Anditumizire chithunzi cha kachikwangwani kokhala ndi nambala ya modelo ndi siriyo, ndipo asailize injini tsiku limenelo mpaka ine nditafika. Nambala ya modelo imandithandiza kufufuza chaka chimene inapangidwa, injini imene inayenera kukhalamo, ndiponso ngati malamba, mabering'i ndi zina zotha msanga zikugulitsidwabe. Pa Wheel Horse dzina lenilenilo limafotokoza zambiri: 312-8 ndi ya gulu la 300, ya hosipawa 12, ya magiya 8. Kachikwangwani kakakhala kochotsedwa kapena kopalidwa, sindipita n'komwe. Kuno mathirakitala amenewa sakhala ndi chikalata cha umwini ngati galimoto, choncho nambala imeneyo ndiyo yokhayo imene ingakutetezeni zitadzadziwika kuti katunduyo anali wakuba.

Pempho lachiwirilo ndi limene limaulula zambiri. Injini yotopa ikatentha imalira mosavuta ndipo utsi umachepa. Matenda ake amaonekera ikamadzuka kozizira. Ndikafika, ndisanayambe n'komwe nkhani ya mtengo, ndimatsegula boneti n'kuika dzanja pa injini. Ikakhala yofunda pamene tinagwirizana kuti isalizidwe, ndimafunsa chifukwa chake mwaulemu, koma mumtima ndimakhala nditayamba kale kukayika. Zinandichitikirapo pa thirakitala ina yopakidwa penti yatsopano mbee, mpaka mabawuti ndi mawaya omwe anali atapentedwa. Mwini wake anati anangoiliza pang'ono kuti aitulutse m'galaja. Nditasolola kachitsulo koyezera oyilo, oyiloyo anali watsopano koma wolemera ngati uchi, kusonyeza kuti anathiramo mankhwala oletsa utsi. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Ndinathokoza n'kubwerera. Kwa ine thirakitala yofwifwa ndi dzuwa, ya penti yake yoyambirira, ndi yabwino kuposa yopentedwa dzulo, chifukwa yofwifwayo imaonetsa pamene panadontha oyilo, pamene panang'aluka ndi pamene anawotcherera.

Oyilo wa mu injini ndimamuyang'ana padzuwa nditamupaka pa kansalu koyera. Wakuda sandidetsa nkhawa kwambiri, amangosonyeza kuti watha nthawi. Wonunkha petulo amasonyeza kuti kabureta ikusefukira kapena pampu ya petulo yabooka, ndipo zimenezo zimakonzeka. Koma mukaona tinthu tonyezimira ngati golide kapena siliva mu oyilo, dziwani kuti zitsulo zikudyana m'kati. Kenako ndimatsegula fyuluta ya mpweya. Fumbi likapezeka kuseri kwa fyuluta, pakhosi pa kabureta, ndiye kuti injini yakhala ikumeza mchenga, ndipo maring'i ndi silinda zaperepeseka. Chomaliza ndimaunika ndi tochi pansi pa chivundikiro cha injini. Mbewa za kuno zimakonda kumanga zisa mmenemo nyengo yozizira. Ambiri mwa mainjini amenewa amazizira ndi mpweya wokha, alibe madzi, ndiye chisa chikatseka njira ya mpweya injini imapsa mwini wake osadziwa.

Ndiye timaliza. Ndimaima kumbuyo kwa ekizozi, osati pampando, kuti ndione utsi woyamba. Kautsi kabuluu pang'ono kotuluka kamodzi n'kutha sikandiopsa pa injini ya zaka makumi atatu kapena anayi. Utsi wotuwa mwabuluu wosaleka, makamaka ukawonjezera moto, ndiye kuti ikudya oyilo. Wakuda ndi petulo wochuluka, kawirikawiri vuto la kabureta kapena fyuluta yotsekeka, ndipo ameneyo ndi wotsika mtengo kukonza. Injini ikamakwera n'kutsika yokha, wuu wuu, pafupifupi nthawi zonse ndi kabureta yakuda chifukwa cha petulo wa kuno wosakaniza ndi ethanol, amene amakoka chinyezi akagona m'thanki miyezi yambiri. Zimenezi zimathandiza potsitsa mtengo, koma si chifukwa chothawira. Chothawa ndi kugogoda kwakuya kochokera pansi pa injini, kumene kumamveka kwambiri ukangochotsa moto mwadzidzidzi. Kumeneko ndi kondirodi, chitsulo chimene pisitoni imamangidwapo, ikutsanzika.

Pa mainjini a Kohler akale, a gulu la K ndi a Magnum amene anabwera pambuyo pake, pali chinthu china chimene chimapusitsa ngakhale anthu odziwa magalimoto. Mainjini amenewa ali ndi kachipangizo kotsegula valavu pang'ono pamene sitata ikuzunguza, kuti injini isalemere polira. Mukabwera ndi geji yanu yoyezera kompuleshoni, idzakuonetsani nambala yotsika ngakhale injini ili bwinobwino, ndipo mukhoza kusiya katundu wabwino. Njira yoona ndiyo imene amakanika amaitcha leak-down test, kupopera mpweya m'silinda n'kumvetsera kumene ukuthawira. Amene alibe chida chimenecho angoyang'ana paipi yopumira injini ikulira. Ikamafwenthera utsi ndi timadontho ta oyilo, maring'i atha. Ndimawakonda mainjini amenewa a silinda imodzi chifukwa ndi a chitsulo cholemera chimene amati cast iron, ndipo akatopa amaboolanso n'kuikamo pisitoni yokulirapo. Alibe fyuluta ya oyilo, ndiye amafuna oyilo watsopano pa maola 25 alionse. Mwini wake akakuuzani lamulo limeneli inu musanafunse, mwapeza munthu amene ankasamala katundu wake.

Mainjini ena ali ndi matenda awoawo odziwika, ndipo ndi bwino kuwadziwiratu. John Deere 318, imene inapangidwa kuyambira 1983 mpaka 1992, ndi thirakitala yokoma kuyendetsa, ya chiwongolero chofewa, koma ili ndi injini ya Onan ya masilinda awiri, ndipo zida za Onan masiku ano n'zodula chifukwa mainjiniwo analeka kupangidwa. Onan yomweyo ili mu Wheel Horse 520-H, ndipo mmenemo silinda ya kumbuyo imakonda kutentha udzu ukadzaza m'zipsepse zake, mpaka mpando wa valavu kusukusika. John Deere 317 yoyambirira inali ndi Kohler KT17 imene inkasowa oyilo poyenda chammbali pa chitunda. Ma John Deere 425 ndi 445 opangidwa chisanafike chaka cha 1999 anali ndi giya la pulasitiki pa kamushafiti ya injini ya Kawasaki, ndiye funso loyamba kwa wogulitsa likhale lakuti kodi analisintha n'kuika lachitsulo. Zonsezi sizikutanthauza kuti makinawo ndi oipa. Zikungofuna kuti mtengo ugwirizane ndi ntchito imene ikukudikirani.

Tsopano tibwere kumbuyo, kumene ine ndimathera nthawi yambiri. Injini ikafa, ina imapezeka n'kuikamo. Giyabokosi ndi felemu zikafa, mwagula zitsulo zokagulitsa pa sikelo.

Pa Wheel Horse ya magiya ngati yanga, giyabokosi ndi ya chitsulo cha cast iron, yotchedwa Uni-Drive, magiya atatu a kutsogolo ndi limodzi la kumbuyo, onsewo ali ndi mbali yothamanga ndi mbali yokwawa, ndiye pamodzi amakwana asanu ndi atatu. Mdani wake wamkulu ndi madzi. Pamene ndodo ya magiya imalowera pali kachipewa ka mphira. Kakang'ambika, thirakitalayo n'kumagona panja, mvula imatsetsereka ndi ndodoyo mpaka m'kati. Choncho ndimasolola choyezera oyilo wa giyabokosi. Akakhala wofiirira moyera bwino kapena wakuda, zili bwino. Akakhala ngati tiyi wamkaka, muli madzi. Madzi a nyengo imodzi amatsukika ndi dizilo n'kuthiramo oyilo wa magiya watsopano, pafupifupi makwati awiri (malita awiri osakwana pang'ono), mutatukula kutsogolo kwa thirakitala kuti zonse zakale zituluke, chifukwa pansi pa giyabokosiyo pali kamtumbira kamene kamatsekereza oyilo wina. Koma madzi a zaka zisanu amakhala atadya mabering'i, ndipo mudzawamva akulira poyenda.

Ndimayendetsa giya lililonse, onse asanu ndi atatu, osadumphako. Magiya amenewa salowetsedwa thirakitala ikuyenda. Umaima, kusankha giya, n'kusiya kilatchi. Anthu amene ankasintha akuyenda ngati galimoto amakhala atabunthitsa mano a giya lachitatu, ndipo chizindikiro chake n'chakuti limatuluka lokha pokwera chitunda. Giya likamakukuta polowa pamene mwaima, yang'anani kaye ngati chivundikiro cha lamba chilipo, chifukwa ndicho chimagwira lamba kuti aime mukaponda kilatchi. Anthu ambiri amachichotsa n'kuchitaya osadziwa ntchito yake. Kenako ndimagwira tayala lililonse la kumbuyo ndi manja awiri n'kuligwedeza m'kati ndi kunja, kutsogolo ndi kumbuyo. Likamasewera pa ekiselo, habu yatha kapena mpata wa kiyi wakula. Habu imagulidwa. Ekiselo yodyeka imafuna kutsegula giyabokosi yonse pakati. Pomaliza ndimagona pansi ndi tochi kuyang'ana chitsulo chimene chimalumikiza felemu ndi giyabokosi. Pa thirakitala imene yakankha sinowo zaka zambiri, pozungulira mabawuti anayi a pamenepo pamang'aluka.

Thirakitala ya hydrostatic, yopanda magiya, yongokankha ndodo kapena kuponda n'kumapita, imafuna kudekha kwina. Imayenda ndi mphamvu ya oyilo wopopedwa, ndipo oyilo wozizira ndi wolemera, amabisa kutha kwa pampu. Mphindi zisanu pabwalo sizikuuzani kanthu. Ndimapempha kuti nditchetche nayo udzu kapena ndizungulire nayo mphindi makumi awiri kapena atatu mpaka itenthe bwino, kenako ndikwere nayo chitunda. Alamu anga anatsala pang'ono kugula ina yooneka bwino kwambiri. Poyamba inkathamanga ngati yatsopano. Itatentha, tinaiika pa kachitunda ka kumsewu, inayamba kulira mokweza, liwiro n'kumatsika mpaka kukwawa. Mwini wake, amene ndikukhulupirira kuti sankanama, anati iye sankaigwiritsa ntchito nthawi yaitali chotero chifukwa bwalo lake ndi laling'ono. Wogulitsa amene akukana kuti muitenthetse akukupemphani kuti mugule katundu m'thumba. Kwa munthu wofuna kulima, ine ndimalangiza ya magiya. Giya lokwawa limayenda pang'onopang'ono mofanana, tiller n'kumagaya nthaka bwinobwino, ndipo ikadwala munthu wamba wokhala ndi masipanala ake akhoza kuitsegula.

Kutsogolo sikutenga nthawi. Gwedezani chiwongolero muone kuti chikusewera motani matayala asanayambe kutembenuka, tukulani kutsogolo mugwedeze ekiselo ndi matayala. Zambiri za kumeneko ndi mabushi ndi mawasha otsika mtengo. Za magetsi, kamita ka m'thumba n'kokwanira: batire yabwino imaonetsa mavoti 12.6 injini itazima, ndipo ikulira iyenera kukwera kufika pakati pa 13.5 ndi 14.5. Wotchi yowerenga maola musaikhulupirire yokha, chifukwa imafa, imasinthidwa, ndipo ina imawerenga kiyi akangoiwalika ali wotsegula. Kutha kwa mapedulo ndi mpando kumanena zoona kuposa wotchiyo. Matayala ong'aluka m'mbali muwawerengere mtengo, chifukwa awiri a kumbuyo atsopano akhoza kudya gawo lalikulu la ndalama imene mumati mwapulumutsa.

Pali chinthu chimodzi chimene sindinyengerera. Pansi pa mpando pamakhala switchi yozimitsa injini woyendetsa akadzuka mipeni yotchetchera udzu ikuzungulira. Eni ake ambiri amaidula mawaya n'kulumikiza mwachidule chifukwa imawasowetsa mtendere. Ine ndimaiyesa: ndimayatsa mipeni n'kudzuka pang'ono pampando. Injini ikapitiriza kulira, ndimadziwa kuti ntchito yoyamba kunyumba ndi imeneyo, thirakitala isanaponde pa udzu. M'makomo mwathu mumadzaza ana, athu ndi a abale, ndipo mwana akaona thirakitala amaithamangira kuchokera kumbuyo kumene woyendetsa sakuona. Mipeni imeneyo imadula phazi pa kamphindi. Ndalama ya switchi ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi zimenezo.

Deki, chimbale chokhala ndi mipeni ija, ndiyo imaola msanga kuposa china chilichonse, chifukwa udzu wonyowa umamatirira kunsi kwake. Ndimaitembenuza kapena kulowetsa dzanja injini itazima, kiyi ali m'thumba mwanga, n'kugogoda ndi sukuludalaivala pozungulira pamene pamangidwa mipeni. Chitsulo chikabooka kapena kufewa pamenepo, dekiyo yatha. Mpeni uliwonse ndimauzunguza ndi dzanja. Ukamalira kolokoto kapena kugwedera mmwamba ndi pansi, mabering'i afa.

Mtengo weniweni wa thirakitala yakale umabisala m'zida zimene ikubwera nazo. Thirakitala yopanda kanthu kumbuyo ndi kutsogolo ndi mpando woyenda chabe. Deki, chokankhira sinowo, matcheni a matayala, zitsulo zolemeretsa matayala, pulawo, tiller, chilichonse mwa izi chogulidwa pachokha chimadula, ndipo nthawi zina umayenda ulendo wa maola ambiri kukachitenga. Kuno sinowo wochokera ku Lake Michigan amatha kutseka khomo usiku umodzi, ndiye chokankhira si chinthu chongokometsera. Pa tiller ya Wheel Horse samalani kwambiri. Imafuna chitsulo chake chomangira pa ekiselo ya kumbuyo, mapule apakati, lamba wautali ndi kachingwe kotukulira, ndipo tizidutswa timeneti ndi timene timasowa anthu akamasamuka nyumba. Muuzeni wogulitsa ayale zonse pansi muziwerenge. Nyengo nayonso imasintha mtengo. Mu April ndi May aliyense akufuna chotchetchera, ndiye mitengo imakwera. Chakumapeto kwa chaka, anthu akamafuna malo m'galaja oti aikemo galimoto, ndi pamene wogula amakhala ndi mawu.

Yanga ndi 312-8 imene ndinagula kwa abambo ena achikulire kumidzi ya chakumwera kwa tauni ino. Anali ataigula yatsopano, ndipo ankagulitsa chifukwa mawondo sankawalolanso kukwera. Penti inali itafwifwa, mpando wong'ambika. Injini ndinaipeza yozizira. Sitata inazunguza nthawi yaitali isanalire, koma zimenezo ndinkaziyembekezera, chifukwa pa mathirakitala amenewa thanki ili pansi pa mpando ndipo petulo amabwerera m'mbuyo ikakhalitsa. Italira, inatulutsa kautsi kamodzi n'kuyera.

Ndinawafunsa kuti, "Bambo, oyilo wa m'giyabokosi munasintha liti?"

Sanayankhe ndi pakamwa. Analowa m'galaja n'kutuluka ndi kabuku ka kampani, kothimbirira ndi girisi, ndipo kuseri kwa chikuto chake anali atalemba ndi pensulo tsiku lililonse limene anasintha oyilo, lamba kapena pulagi, chaka ndi chaka. Anandilozera mzere wa giyabokosi. Kenako anati, "Mwana wanga, kachipewa ka pa ndodo ya magiya kang'ambika chaka chino, sindinathe kukasintha. Uyambe ndi kameneko." Munthu wokuuza yekha chilema cha katundu wake ndimamukhulupirira pa zinanso. Ndinayang'anabe zonse monga ndafotokozera, ndipo oyilo wa giyabokosi anali woyera, felemu yosang'aluka, magiya onse akugwira.

Ankafuna madola 950 pamodzi ndi deki ya mainchesi 42, chokankhira sinowo, matcheni ndi zolemeretsa matayala. Pokambirana mtengo sindinyoza katundu wa munthu. Ndinalemba pa pepala zimene ndinapeza: matayala a kutsogolo ong'aluka, batire yofooka, bering'i imodzi ya deki yolira, mpando, kachipewa kaja. Pambali pa chilichonse ndinaika mtengo wake wa kusitolo, n'kuwapatsa pepalalo kuti aone okha. Tinagwirizana pa 750. Njira imeneyi ndi imene ndimalangiza aliyense: mtengo umene akufuna, kuphatikiza zonse zoyenera kukonza mwezi woyamba, kuphatikiza ndalama yobwereka ngolo yonyamulira ngati mulibe. Chiwerengero chimenecho ndicho mtengo wa thirakitalayo. Chikayandikira mtengo wa ina yabwinopo imene mwaiona pa intaneti, isiyeni, kuno zofiirazi sizitha.

Tisanakweze pa ngolo tinalemberana kapepala kosonyeza tsiku, mtengo, modelo, nambala ya siriyo ndi masiginecha athu tonse awiri. Ndinapemphanso kabuku kaja, ndipo mizere ya pensulo ndikuipitiriza ine.

Kwa amene mwagula kale ndipo mukudikira kuti chisanu chithe chapakati pa May kuti muyambe kubzala, musalowetse pulawo kapena tiller m'nthaka ya kuseri kwa nyumba musanaimbe 811. Ndi nambala yaulere, ndipo amabwera kudzaika timbendera pamene padutsa mapaipi a gasi, mawaya a magetsi ndi a intaneti. Mawaya ena amakwiriridwa pafupi kwambiri moti tiller imawafika. Imbani kudakali masiku angapo a ntchito tsiku lolima lisanafike, ndipo chaka choyamba yambani ndi pulawo kutembenuza kapinga, tiller ibwere pambuyo nthaka itaumako, chifukwa pa kapinga wosatembenuza imangodumpha n'kumakankha thirakitala kutsogolo.